Kangaude wa Pakhoma Amene Anakwera Phiri

Kunja kukangoyamba kuyera, Amayi a Mabotolo ankakhala atadzuka kale. Ankagwada m'mbali mwa bedi n'kupemphera chamumtima kuti asadzutse amuna awo, kenako ankateleka madzi a tiyi n'kutsegula chitseko cha kuseri. Kumeneko kunali khoma loyang'ana kum'mawa, lokhala ndi mng'alu pamene pulasitala inagamuka. Dzuwa likangofika pa mng'alupo, mwinimalo ankatuluka: kangaude wamng'ono wakuda, wa mzere woyera pamsana, wosaposa njere ya nyemba. Ankayenda pang'ono n'kuima, kuyendanso n'kuima, kenako ankatembenuka thupi lonse kuwayang'ana. Amayiwo ankamupenya mpaka madzi atawira. Ntchentche ikatera pafupi, ankaona mmene iye ankamatira kaye kaulusi pakhoma asanalumphe, kuti akaphonya asagwe pansi. Akatero ankamwa tiyi wawo choimirira, ankasiyira amuna awo wina m'kapu yovundikira ndi mbale, n'kuuyamba wa kuntchito misewu ikadali ndi mame.

Ankagwira ntchito ku koleji, m'chipinda cha pansi chimene ophunzira ankachitcha kumanda. Munali mashelefu asanu ndi awiri ofika kudenga, odzaza timabotolo tagalasi tonga chala cha munthu. M'kabotolo kalikonse munali kangaude wakufa atamira mu sipiriti, pamodzi ndi kapepala konena kumene anagwidwa, tsiku lake, ndi amene anamugwira. Timapepalato tinkalembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti. Ntchito yawo m'mawa uliwonse inali kutsegula mazenera kuti fungo lituluke, kukolopa, ndiyeno kuyenda shelefu ndi shelefu ndi jekeseni wopanda singano, kuwonjezera sipiriti paliponse pamene watsika. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe kangaude ngakhale mmodzi anauma m'manja mwawo. Dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Ngakhale kutchalitchi ankawatchula kuti Amayi a Mabotolo.

Koma pa shelefu yachitatu, chakumanzere, panali kabotolo nambala 417, ndipo kapepala kake kankanama. Kankati kangaude wa mmenemo anagwidwa pamwamba pa phiri lalitali, m'nkhalango yozizira, ulendo wapansi wa masiku awiri kuchokera pa nyumba yomaliza ya anthu. Zoona zake n'zakuti anagwidwa pakhoma la kuseri kwa nyumba yawo, ndi bokosi la machesi. Odziwa zimenezi anali awiri okha, iwo ndi amuna awo. Chimene chinkawadya mumtima zaka zonsezo chinali chakuti adzapuma pa ntchito, mwinanso kufa kumene, bodzalo likadali m'botolo.

Zinachitika ali ndi miyezi itatu yokha pa ntchito, mwana wawo woyamba akadali wakumsana. Anawalemba ngati wosesa. Tsiku loyamba kapitawo anawaonetsa msomali wa kuseri kwa chitseko n'kuwauza kuti amene analipo iwo asanabwere anaphwanya mtsuko wa njoka, ndipo muno ukaphwanya kanthu sudikira kuuzidwa, umangopachika yunifolomu pamsomalipo n'kuona msana wa njira. Mwini chipindacho anali a Pulofesa, bambo wamtali wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wa ndevu zonga mopu wakale. Chinenero chathu ankachilankhula mothyokathyoka koma mopanda manyazi. Moyo wawo wonse anaupereka kwa akangaude odumpha. Akangaude enawa, oluka maukonde m'makona a nyumba, ankawatcha alesi odikira chakudya pakhomo.

Lachisanu lina a Pulofesa anatsika kuphiri kuja milomo itang'ambika ndi chisanu. Anasiya bokosi la timabotolo patebulo n'kupita kukapuma. Amayiwo akukolopa pansi pa tebulolo, mtengo wa mopu unagunda bokosi. Kabotolo kamodzi kanagubuduka, kanafika m'mphepete, n'kugwa pasimenti, phwa. Mwamantha anakokera mopu pamagalasipo asanaganize n'komwe, ndipo pamene anagwada kuti aone, kangaude anali atanyenyeka m'zingwe za mopu. Kapepala kokha ndiko kanatsala, konyowa koma kowerengeka. Kabotoloko kakugubuduka anali atamuona pang'ono chabe: wakuda, kamzere koyera pamsana.

Amuna awo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anali munthu wanthabwala, wosatha kukhala chete ngakhale ali ndi mapini kukamwa. Atamva nkhaniyo anaseka, mpaka anazindikira kuti akazi awo akulira. Ndiye anati nsalu ya mwini ikapsa ndi simbi, telala wanzeru salira, amafuna chigamba chofanana nayo. Lolemba m'mawa ndiwo anaima pakhoma lija atavala vesiti yokha, bokosi la machesi lili m'manja, kudikira dzuwa.

"Wakuda, mzere woyera. Si ameneyu, mayi? Kangaude ndi kangaude. Akam'funsa chiphaso ndani?"

Anthu asanafike kuntchito, amayiwo anatenga kabotolo katsopano, anathiramo sipiriti, n'kugwedezeramo kangaude wa kunyumba uja. Kangaudeyo anaphupha kanthawi n'kukhala duu. Analowetsamo kapepala kaja, anatseka, n'kubwezera m'bokosi.

Panapita milungu itatu kuli zii. Kenako tsiku lina a Pulofesa, amene anali atawerama pa maikulosikopu chiyambire m'mawa, anadzambatuka mpaka mpando unagwa, n'kuyamba kuitana aliyense amene anali pafupi. Pafupi panali wosesa yekha. Anawagwira pamkono n'kuwauza kuti asuzumire. Kanali koyamba kuti amayiwo aone nkhope ya kangaude: maso awiri akuluakulu kutsogolo ngati nyali za galimoto, ena ang'onoang'ono m'mbali, ndi tindevu toyera. Nambala ya pabotolo anaiona ndithu. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

A Pulofesa sanakayikire kanthu, anali pa chimwemwe. Anati mtundu umenewu ndi wa m'makoma a nyumba. Unayenda ndi sitima zapamadzi, wobisala m'mabokosi a katundu, mpaka unafika m'mayiko ambiri otentha, koma kulikonse umakhala pamene pali anthu, m'madoko, m'misika, m'mazenera. Panalibe amene anaupezapo m'nkhalango yozizira kutali ndi anthu. Pakhoma la chipindacho panali mapu aakulu, okhala ndi timadontho tofiira tosonyeza paliponse pamene mtunduwo unagwidwa, ndipo tonse tinali m'matauni ndi m'mphepete mwa nyanja. Anatenga cholembera chofiira, anakwera pampando, n'kuika kadontho kena pamwamba pa phiri, kokhakokha, kutali ndi anzake. Chaka chotsatira analemba nkhaniyo m'magazini ya anthu ophunzira, ndipo kuchokera mmenemo kadonthoko kanakoperedwa m'mabuku a mayiko ena.

Chowawa kwambiri n'chakuti zabwino zonse za amayiwo zinayambira pamenepo. A Pulofesa, poona wosesa akuchedwa kuchoka pa maikulosikopu, anaganiza kuti wagwidwa mtima ndi kukongola kwa kangaude, ndipo anayamba kuwaphunzitsa. Anawauza kuti akangaude odumpha ndi fuko limodzi lalikulu, la mitundu zikwi zingapo, ndipo chaka chilichonse anthu amapezanso ina. Fukolo linagawidwa m'mabanja, ndipo kangaude aliyense ali ndi mayina awiri, la banja patsogolo, lakelake pambuyo. Amapezeka pafupifupi konsekonse, m'zipululu, m'nkhalango, pazilumba, kupatula kumapeto a dziko kumene madzi oundana sasungunuka. Ena anafalikira theka la dziko lapansi, ena kwawo ndi chigwa chimodzi chokha, ukatuluka mmenemo sudzawaonanso.

Anawaphunzitsanso kuti chovala cha kangaude chimanama. Awiri akhoza kufanana mzere ndi mtundu koma osakhala pachibale, ndipo mwamuna ndi mkazi a mtundu umodzi akhoza kusiyana ngati khwangwala ndi njiwa. Wofuna kudziwa mtundu weniweni amayang'ana timanja takutsogolo ta mwamuna ndi kunsi kwa mimba ya mkazi, ndipo amayang'ana modekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayiwo anali ndi maso abwino ndi manja osanjenjemera. Pasanathe zaka zisanu anasiya tsache kwa wina, anapatsidwa chovala choyera, ndipo ophunzira akasokonezeka ankawafunsa iwo kuti banja lakutilakuti lili shelefu iti.

A Telala zimenezi zinkawakomera. Ankauza makasitomala awo kuti iwo amayeza anthu m'chiuno basi, koma akazi awo amalipidwa kusuzumira m'kabudula mwa akangaude. Kunyumba, akaona wa pakhoma uja akuwothera dzuwa, ankavula chipewa n'kumuuza kuti agogo ake anakwera phiri osatuluka ngakhale thukuta. Amayiwo sankaseka. A Telala ankati Mulungu ali ndi milandu ikuluikulu yoti aweruze, ya kangaude adzaifika mochedwa.

Sikuti sanayesepo kuulula. Kamodzi anapita kwa abusa n'kuwauza mozungulira kuti anaika chinthu pamalo pa chinzake kuntchito. Abusa anafunsa ngati anatengera kanthu kunyumba. Iwo anati ayi, anachita kubweretsa cha kunyumba. Abusa anati ngati ndi choncho ndiye kuti anawapatsa mphatso, apite mumtendere. Anapita, koma mtendere unatsala komweko. Pa mgonero ankalandira mkate ndi dzanja lomwe lija linatseka kabotolo. Ndipo chaka chilichonse, ophunzira atsopano akabwera, ankamva a Pulofesa akubwereza lamulo lawo: kangaude wopanda kapepala ndi chinyalala, koma wa kapepala konama ndi woipa kuposa chinyalala, chifukwa chinyalala sichisocheretsa munthu.

Tsiku limene a Pulofesa ankabwerera kwawo, atakalamba, amayiwo anafika pakhomo la ofesi mawu ali kukamwa. Anawapeza akulongedza makope awo a kuthengo m'bokosi lachitsulo, anthu ena ataima mozungulira. A Pulofesa atawaona anatulutsa makiyi a chipinda cha pansi, anawaika m'manja mwawo, n'kunena pamaso pa onse kuti m'mayiko onse amene anayenda sanaonepo manja okhulupirika ngati awa. Amayiwo analandira makiyi ndi manja awiri. Mawu aja anawameza.

Pa ophunzira onse amene anadutsa m'chipindacho, mmodzi anawakhala pamtima. Anali mtsikana wamng'ono thupi, wa magalasi ochindikala, moti anzake anamutcha Kamagalasi. Anabwera akuopa akangaude. Masana ankadyera buledi wake m'chipinda cha pansi chifukwa kunja anzake ankamuseka, ndipo amayiwo ndiwo anamuphunzitsa kusongola pensulo ndi lumo, kulemba tizilembo tating'ono, ndi kugwira kabotolo pakhosi osati pamimba. Anapita kunja kukapitiriza maphunziro, anabwerako ali Dokotala, n'kulowa m'malo mwa a Pulofesa. Pamaso pa anthu amayiwo ankamutchula kuti a Dokotala, koma mumtima anali Kamagalasi yemwe uja.

Mwezi wake woyamba, Kamagalasi anaima kutsogolo kwa mapu n'kuloza kadontho ka paphiri. Anati chiyambire ali mtsikana kadontho kameneka kankamusowetsa tulo. Ngati kangaude wa pakhoma angathe kukhala m'nkhalango yozizira chotero, ndiye kuti pali china chimene anthu sakuchidziwa, ndipo iye adzakwera phirilo mpaka atamupezanso. Anapempha amayiwo kuti amukonzere timabotolo makumi asanu, ndipo iwo anakonza, kutsuka kalikonse ndi kuyanika padzuwa.

Ulendo woyamba anabwerako ndi akangaude ena ambiri, awiri mwa iwo osadziwika kwa aliyense, koma wa mzere woyera sanamupeze. Amayiwo anadzitonthoza kuti mwina bodza lawo labala zipatso. Ulendo wachiwiri anabwerako ndi chifuwa chimene chinamugoneka mwezi wathunthu. Wachitatu anaterereka pathanthwe lonyowa, anthu anamutsitsa pamachira, ndipo madokotala anamuika chitsulo m'kakolo. Amayiwo anapita kuchipatala ndi malalanje. Anakhala m'mbali mwa bedi, anasenda limodzi, anamupatsa, anapemphera naye, n'kubwerera kunyumba osaulula za kabotolo kaja.

Patapita zaka ziwiri, Kamagalasi atakwatiwa n'kukhala ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, ananena kuti wazindikira kulakwa kwake. Maulendo onse atatu anapita m'chilimwe, pamene a Pulofesa anapita mvula itayamba. Ulendo uno apita m'dzinja, akakhale milungu isanu ndi umodzi. Mwana amusiyitsa kuyamwa n'kumusiya kwa agogo ake. Nthawi imeneyo n'kuti amayiwo atatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti apume pa ntchito.

Tsiku limenelo anadzera pakhonde la sitolo. A Telala anali atakalamba, maso atayamba kuchita mdima, moti akazi awo ndiwo ankawalowetsera ulusi m'singano. Akulowetsa ulusiwo anawauza za ulendo wachinayi. A Telala anayamba ndi nthabwala monga mwa masiku onse, kuti mtsikanayo akwere basi, mwina akapezako mwamuna wachiwiri. Amayiwo anati akusiyitsa mwana bere. Phazi la a Telala linaima pachopondera. Anakhala nthawi akusisita nsalu imene inali pamakina.

"Chigamba chija ndinasoka ndine," anatero. "Pitani mukanene. Manyazi akakugwirani, mukati anakunamizani ndi telala."

M'mawa mwake amayiwo anatsegula mazenera, anawonjezera sipiriti m'mashelefu onse monga mwa nthawi zonse, kenako anavula chovala chawo choyera n'kuchipachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Kamagalasi atafika, akutsimphina pang'ono monga ankachitira kukazizira, anapeza kabotolo nambala 417 kali pakati pa tebulo, makiyi ali pambali pake.

"A Dokotala, ameneyu kuphiri simudzamupeza. Kwawo ndi kwathu."

Kamagalasi anamwetulira, akuyesa nthabwala. Amayiwo anafotokoza zonse ataimirira, manja ali kumbuyo: za mopu, za msomali, za bokosi la machesi. A Telala sanawatchule. Atamaliza, Kamagalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, kupukuta osamaliza.

"Tsiku lija munabwera kuchipatala ndi malalanje, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene munkanditsukira timabotolo?"

"Ndinkadziwa, mwananga."

"Musanditchule choncho lero."

Anatuluka, ndipo amayiwo anamumva akukwera masitepe, phazi limodzi likulemera kuposa linzake. Anakhala pa mpando wa pakona osadziwa ngati azipita kapena adikire. Dzuwa litapendeka Kamagalasi anabwerera, maso ali ofiira. Sanawayang'ane kumaso. Anatenga chovala chija pamsomali n'kuchiponya patebulo, nati avale, chifukwa sipiriti sadziwa za milandu ya anthu, amangouma. Kenako anafunsa kuti dzuwa limafika nthawi yanji pakhoma limenelo.

M'mawa mwake Kamagalasi anafika kunyumba kwa amayiwo kusanache bwino. Anaima atatu kuseri kwa nyumba, a Telala atavala jekete la ku tchalitchi pamwamba pa vesiti. Dzuwa litafika pa mng'alu, mwinimalo anatuluka, anayenda, anaima, n'kutembenuka kuyang'ana mlendo. Kamagalasi anawerama ndi galasi lake la m'manja kufikira mphuno inatsala pang'ono kukhudza khoma. A Telala anakhosomola n'kunena kuti ameneyu ndi mdzukulu wa adzukulu a uja wa m'botolo, ndipo m'banja lonseli palibe anakwerapo ngakhale chulu. Anawonjezera kuti bokosi la machesi linali lawo, nzeru yake inalinso yawo. Kamagalasi anatulutsa kaphokoso m'mphuno, kosadziwika ngati n'kuseka. Anakana tiyi, koma mpando anaulandira, chifukwa kakolo kankamuwawa.

Atakhala pansi anafotokoza vuto limene amayiwo sankaliyembekezera. Iwo ankaganiza kuti akangoulula, wina akwera pampando n'kufufuta kadontho. Kamagalasi anati iye akukhulupirira, ndipo kuphiri sapitanso. Koma kwa anthu a ntchito imeneyi kapepala kamaposa pakamwa. Akalemba kuti Pulofesa wotchuka analakwitsa, umboni wake uli mawu a munthu mmodzi okumbukira za zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, ena adzati mtsikanayu walephera kupeza kangaude ndiye akunyoza akuluakulu. Chimene akanatha kuchita yekha n'kulowetsa kapepala kachiwiri m'botolo, konena kuti malowa ndi okayikitsa. Umboni weniweni unali m'makope a kuthengo aja. A Pulofesa anali ndi chizolowezi chojambula kangaude aliyense akangomugwira, pafupi ndi nambala yake. Akanatsegula kope tsiku lija mpando unagwa, mwina akanaona okha kuti wa m'botolo si amene anajambula, koma chimwemwe chimatseka maso ngakhale a anthu ophunzira. Makopewo anapita nawo kwawo, ndipo panali patapita zaka osamva za iwo.

Atanyamuka kuti azipita, Kamagalasi anaima pachipata n'kutembenuka.

"Nanga winayo, Amayi? Amene munamukolopa uja?"

Zaka zonsezo amayiwo ankaganiza za bodza lawo, za kadontho, za dzina lawo labwino. Za kangaude wa kuphiri uja sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi. Kamagalasi anati mwina anali wa mtundu wodziwika kale. Mwinanso anali mmodzi wa aja kwawo ndi chigwa chimodzi chokha, amene palibe anamupatsa dzina. Kapena ali kale pa shelefu, pakati pa amene iye anabwera nawo, koma palibe njira yodziwira.

Mawu amenewo anawatsata kulikonse. Poyenda ndi jekeseni wawo m'mashelefu, ankaima pa timabotolo ta kuphiri n'kumayang'ana wakuda aliyense. Ankaganiza za Adamu, amene anapatsidwa ntchito yotcha zolengedwa mayina, ndi za cholengedwa chimodzi chimene chinatsika phiri masiku awiri kubwera kudzalandira dzina lake, n'kuthera m'ndowa ya madzi okolopera.

Kamagalasi anadzipereka kuti alembe kalata kwa a Pulofesa m'chinenero cha kwawoko. Amayiwo anakana. Anati amene anapatsidwa makiyi ndi iwo, ndipo a Pulofesa chinenero chathu ankachimva ndithu, kungoti ankachithyola. Analemba Loweruka masana patebulo la kunyumba, ndi pensulo, poti dzanja lawo linali litaiwala cholembera china. Anang'amba mapepala atatu. A Telala ankafuna kuti aikemo moni wautali ndi nkhani za mvula, kuti mkuluyo afewe mtima kaye, koma iwo anati kuzungulira kwakwana. Kalatayo anaiponya ku positi ofesi okha, ndipo Kamagalasi, amene anali ataijambula kale, anaitumizanso pa kompyuta ku koleji imene a Pulofesa anakathera ntchito.

Mwezi unatha, wina n'kutha. Tsiku lopuma pa ntchito linafika, anthu analankhula zabwino zambiri, ndipo amayiwo anamvetsera mutu uli pansi. Kamagalasi sanalankhule pagulu. Anthu atabalalika anawaperekeza mpaka pageti, mwana wake ali m'manja, n'kuwapatsa kuti amunyamule pang'ono. Zakale sizinabwerere zonse, ndipo amayiwo sanayembekezere kuti zibwerere.

Tsopano papita zaka zitatu. A Telala anasiya kusoka, amangokhala padzuwa kuseri kwa nyumba. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse amayiwo amavala bwino n'kupita ku koleji. Amatsika masitepe, amapereka moni kwa mayi amene analowa m'malo mwawo, amayang'ana ngati sipiriti watsika penapake, ndipo amadikira Kamagalasi atuluke m'kalasi. Safunsanso ndi mawu ngati yankho labwera, ndipo iye amangopukusa mutu. Ku koleji ya kutsidya kuja anayankha kamodzi kuti kalata anaipereka kwa achibale. Ngati mkuluyo ali moyo, ngati amatha kuwerenga, ngati bokosi lachitsulo lija likadalipo, palibe akudziwa. Pa mapu kadontho kakadali paphiri, ndipo pambali pake Kamagalasi anajambulapo chizindikiro cha funso ndi pensulo.

Pepala lomaliza limene anayeserapo asanalembe bwino analisunga. Mawu ake ndi omwewo anapita kutsidya kwa nyanja:

"A Pulofesa, ndine wosesa uja munamupatsa makiyi. Kangaude wa m'botolo 417 si wanu. Wanu ndinamuphwanya ndi mopu Lachisanu limene munatsika kuphiri, ndipo ndinaikamo wa pakhoma la nyumba yanga. Za kundikhululukira sindikupempha pa kalata, zimenezo zili ndi inu. Ndikupempha kuti mutsegule kope lanu la ulendo umenewo, muone chimene munajambula pa nambala imeneyo, mutitumizire tsambalo kuti kadontho kaja kachoke. Ndipo ngati maso anu akadaona, mundiuzeko, amene ndinamukolopa uja anali ndani?"